Disiki Ili Kumunda

Lolemba
Lero ndine munthu! Ndabwera pa shapa, minibasi ya kuno, kuchokera ku Moatize, disiki yatsopano ili m'thumba. Katswiri wa kumeneko wakoperamo zonse za m'kompyuta ya parishi. Muli mayina a obatizidwa onse a kuno ku Zóbuè, amene ndatolera khomo ndi khomo zaka zitatu, poti mabuku akale anapsa pa nkhondo. Akuti kompyuta ikafa ndingolumikiza disikiyi, idzuka ndi zonse. Lazaro weniweni!

Lachiwiri
Lamulo la katswiri: disiki isamagone nyumba imodzi ndi kompyuta. Ndikuipereka kwa akazanga, amake Rosa, kuti aisunge posafika moto kapena mbala. Iwo akuti, "Ife tinathawapo nkhondo, musatiphunzitse kusunga." Mkazi koma ameneyu!

Lachitatu
A Padiri sakukhulupirira. "Parishi yonse m'kanthu konga sopo?" Zandipweteka. Ndikufufuta zonse m'kompyuta iwo akuona, ndi chala changachi, uku ndikuimba mluzu. Mawa aona okha.

Lachinayi
Ndikufunsa amake Rosa kumene kuli disiki. "Ndakwirira." Mayo ine! Disiki m'chitini, chitini m'pulasitiki, pulasitiki m'dothi kumunda. Pati? "Pafupi ndi mango." Mundawo uli ndi mitengo ya mango isanu ndi iwiri, ndipo aunga mizere ponseponse kuti mbala isazindikire. Yoti isazindikire ndi mbala, koma eni ake nawo aiwala. Mapepala amene ndinkalembapo poyamba, chiswe chinadya kalekale.

Lachisanu
Makasu awiri, mvula tsiku lonse. Zimene tapeza:
mphika wosweka
nkhwangwa yopanda mpini
achule atatu
matuza m'manja
A Padiri aima pamsewu ndi ambulera. "Lazaro wadzuka?" Ndayankha kuti akadali m'manda. Ndikuopa zedi. Ena mwa agogo amene ananditchulira mayinawo anatisiya kale.

Loweruka
Khasu lagunda chitsulo, ngwe! Ndikufukula ndi manja ngati galu. Si chitini ayi. Ndi makina osokera, okulungidwa m'lona, amene malemu apongozi anakwirira tsiku lothawira ku Malawi. Banja lonse linawasaka pobwerera mpaka kugwa ulesi. Amake Rosa nthungululu, kenako misozi, kenako nthungululu. Inenso ndikulira, koma zanga.

Lamulungu
A Padiri alengeza kuti aliyense abwere adzatchulenso dzina lake, la makolo ake ndi chaka chimene anabatizidwa. Mpingo wonse wacheukira kwa ine, ena kuseka mpaka kugwira nthiti. Ndagula kope ndi kaneta yolembera. Kunyumba makina amwa mafuta, ndipo ngakhale ali ndi dzimbiri akuzungulira. Amake Rosa osadzutsa ndi mutu womwe: "Mwaonatu, chokwirira sichitayika. Yanuyonso Rosa adzaipeza akadzakula."

Chabwino. Tsamba loyamba, nambala wani, ndalemba dzina langa.