Mbuzi Yanga ndi Dazi la Munyai

Anzanga, musayambe kuseka ndisanamalize, chifukwa nanenso ndikufuna kuseka nawo. Nkhani yonseyi inayamba ndi mtima wabwino, ndithu. Mukudziwa kuti ndagwira ntchito mu mgodi wa kuromu kuno ku Lalapanzi mpaka mawondo anayamba kudandaula okha, ndipo nditapuma ndinagula mbuzi yaikazi kuti tizipeza kamkaka ka tiyi. Ndinaitcha Mandebvu chifukwa cha ndevu zake. Zaka zinapita, ana ake ena tinadya, ena tinagulitsa, iye n'kutsala nane, tikukalambira limodzi.

Tsiku lina ndinapita ku kiliniki, anesi n'kundimanga chopopa chija pamkono, nkhope yawo n'kusintha. "Sekuru, agogo inu, BP yanu yakwera. Mchere chepetsani, apo ayi thupi litha msanga." Ndinavomera. Koma ndili mu kombi, minibasi ya kuno, pobwerera, nzeru zinandibwerera zambirimbiri, ndipo inu mukundidziwa, nzeru zikandibwerera sindifunsa munthu. Ndinati, ngati mchere ukukalambitsa ine, nanga Mandebvu amene amanyambita chibuma chonse cha mchere tsiku ndi tsiku? Si ndiye ndikumupha ndekha? Nditangofika ndinanyamula chibumacho n'kukachiponya m'chimbudzi.

Mayi a Chisomo, akazi anga, anandiyang'ana manja ali m'chiuno. "Bambo a Chisomo, anesi anayeza inu kapena mbuzi?"

"Thupi ndi thupi," ndinayankha. "Inu dikirani muone."

Pasanapite nthawi aneba anayamba kudandaula kuti Mandebvu akuwathera ndiwo m'madimba. Ine ndinati palibe vuto, ndimumanga kuseri kwa nyumba, asamavutikenso kuyenda m'tchire n'kumatafuna masamba a minga ngati wosauka. Wokalamba amafunika zofewa, si choncho? Ndinayamba kumupatsa madeya okhaokha ndi sadza, nsima ya kuno, yotsala, m'mawa, masana, madzulo. Msipu ayi, masamba ayi, mchere ayi. Ndipo ananenepadi! Mimba inakula ngati dilamu. Aliyense wodutsa ndinkamuimitsa kuti aone, ndikumufotokozera ngati ndine mlangizi wa ziweto.

Kenako zinayamba zachilendo. Mandebvu anayamba kunyambita khoma mpaka penti inachoka. Anadya sopo wochapira. Anatafuna zambia ya mayi a Chisomo, chitenje chawo chija, ili pachingwe, n'kutsala kachidutswa kokwana kupukutira mphuno basi. Tsiku lina ndinamupeza akulimbirana fupa ndi galu wa aneba, mbuzi ndi fupa, anthuni! Ubweya unayamba kuthothoka, mkaka unachepa, podzuka ankayamba wagwada kaye nthawi yaitali ngati akupemphera. Mukuganiza kuti ndinadabwa? Ayi. Ndinauza akazi anga kuti, "Mwaona? Wabwerera utsikana, wayamba kusewera." Iwo anangoti, "Zvakaoma," kutanthauza kuti zavuta, n'kulowa m'nyumba.

Ndiye mwana wathu wamkazi Chisomo, amene amagwira ntchito ku Gweru, anatiuza kuti mnyamata wake wa ku Mkoba, ku Gweru komweko, akutumiza abale kudzakamba za roora, ndiye kuti malowolo. Ife kwathu ku Malawi makolo sankalowola chonchi, koma tabadwira kuno, timatsata za kuno. Tsikulo linafika m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, m'nyumba muli ngati mu uvuni, ndiye tinayala mikeka ndi mipando pansi pa mtengo wa mango. Alendo anafika atavala masuti, ndipo patsogolo pawo panali munyai, uja amayenda pakati pa mabanja awiri kunyamula mawu. Anali bambo wamkulu, a Moyo, wolemekezeka, wa dazi lalikulu losalala, ndipo ndi kutentha kuja dazilo linkanyezimira thukuta ngati mwalipaka mafuta.

Tisanayambe nkhani, pocheza, a Moyo anati nawonso BP ikuwavuta. Eee, apo ndiye anandikanda poyabwa! Ndinayamba kulalikira za mchere, kuti pakhomo panga pano ngakhale mbuzi siilawa, ndipo yanenepa moti simungakhulupirire msinkhu wake. Mayi a Chisomo ankanditsinzinira diso, ine osaona. "Dikirani ndikuonetseni," ndinatero, n'kupita kuseri kukamumasula. Ndinabwera naye ndikumukoka monyadira, alendo n'kumati "hoo, hoo" mwaulemu, ngakhale tsopano ndikaganiza ankayang'ana kwambiri zigamba za pamsana pake. Ndinakoloweka chingwe pa mwendo wa mpando wanga, osamanga mfundo, poti mbuzi yanga ndi yaulemu.

Mwambo unayamba. A Moyo anavula chipewa, n'kunjuta patsogolo panga, mutu atawerama, n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, bu, bu, bu, akutchula mfunda wanga bwinobwino, "Phiri, Phiri." Ine ndinatseka maso, chifuwa chili patsogolo, ndikumva kukoma. Ndiye ndinamva phokoso lina pakati pa kuomba kuja. Lapu. Lapu. Lapu.

Nditatsegula maso, maiwe! Mandebvu anali ataima pa a Moyo, lilime lonse panja, akunyambita dazi kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo, maso atatsinzina ndi chisangalalo. Ndipo bambo aja, poti mwambo sudulidwa pakati, anapitiriza kuomba m'manja! Mawu okha ndi amene ankanjenjemera: "Phi-phiri... tabwera... kudzapempha..." Lapu. Azakhali a mnyamata anaika nsalu kukamwa, mapewa akugwedezeka. Chisomo, amene ankasuzumira pawindo, anangosowa.

Ndinadumpha kuti ndigwire chingwe, koma chinali chitazungulira mpando, mpando n'kugwa, ine n'kugwa nawo chagada miyendo m'mwamba. Mandebvu, atamva kuti kunonso kuli thukuta, anasiya dazi n'kubwera kwa ine. Anayamba ndi khosi, n'kulowetsa mphuno m'khwapa, kenako anagwira shati yanga yoyera ya kutchalitchi n'kuyamba kuitafuna kuyambira m'munsi. Ine kukoka, iye kukoka. Ndinamva pwee! Kudzuka pamenepo, ndinali ndi kolala, tayi ndi manja a shati basi, mimba yonse ili pamtunda pamaso pa azibale a mkamwini. Ndipo kodi mukudziwa zimene ndinanena? Ndinati, "Mwaona mphamvu zake?"

Pamenepo anthu analephera kupirira. Anaseka mpaka azakhali aja anagona pamkeka. Ine ndinkangoganiza kuti basi, ukwati wa mwana wanga ndauthetsa ndekha, anthuwa akakanena ku Mkoba kuti kumeneko kuli banja la amisala.

A Moyo anadzipukuta mutu ndi kansalu, mosafulumira, n'kuitana mbuzi ija. Anaitsegula kukamwa, anaisisita pamsana, anaigwira mawondo. Zinapezeka kuti anakulira pa famu ya ng'ombe kufupi ndi Kwekwe. "A Phiri," anatero, "mbuzi iyi mukuidyetsa chiyani?" Ndinawauza, mawu atachepa. Anapukusa mutu. "Mimba yadzaza, koma thupi likadali ndi njala. Chiweto chikasowa chinthu chimodzi m'thupi chimangodya, kudya, kufunafuna chomwecho, mpaka makoma ndi mafupa. Madeya okha amanenepetsa, koma mafupa amafooka. Imafuna masamba, nyemba za mitengo ya minga zija, ndi mchere wake. Inu mumati mukuisunga, koma mukuikalambitsa msanga." Kenako anakhudza dazi lawo n'kuwonjezera kuti, "Komabe lero yapezako pang'ono."

Mayi a Chisomo anandibweretsera shati ina, ndinavala. Nkhani ya roora inapitirira, inatha bwino, mwinanso bwino kuposa mmene ikanathera, chifukwa munthu amene waona mchombo wako savutanso kukambirana naye. Mawa lake ndinakwera kombi kukagula chibuma china, ndipo ndinayamba kumutengera Mandebvu kutchire ndekha masana aliwonse. Pano ubweya unamera, akudzuka osagwada, ndipo zovala zikuuma pachingwe mwamtendere.

Mwezi watha a Moyo anabweranso kudzakamba za tsiku la ukwati. Ndinamva kugogoda pageti, kutuluka, ndinapeza bambo aja ataima panja, suti yawo yomwe ija, koma kumutu atavala chipewa cholimba cha mu mgodi, chomangira pachibwano chili chomanga. Anakabwereka kwa aneba! Anandipatsa moni nkhope ili gwaa, n'kufunsa kuti, "Adya kale, kapena ndidikire?"

Anthu a mumsewu wathu onse anali pamipanda, akusuzumira n'kumaseka. Ine ndinalumbira pomwepo, ndipo ndikulumbiranso pamaso panu: nzeru yondibwerera mu kombi ndizitsika n'kuisiya momwemo, ipitirire ulendo ndi kombiyo mpaka ku Mvuma uko.