Apongozi Anga pa Tsamba Loyamba

Pali ntchito zina zimene munthu umazigwira bwino mopitirira muyeso, mpaka kumalakalaka ukanalephera. Ine ndinalonjeza kuti ndiika apongozi anga pamwamba pa intaneti, ndipo ndinawaikadi. Mpaka lero ndikamva lole ikuchepetsa liwiro pafupi ndi kwathu ku Nyimba, ndimayamba ndayang'ana ngati apongozi ali pafupi.

Ndiyambe ndi mmene zinthu zinalili. Kwa zaka zingapo ndinkagwira ntchito pa kafe ya intaneti pa boma la Petauke, kutaipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi kuwatsegulira maimelo amene ankaiwala mawu ake achinsinsi sabata yomweyo. Intaneti italowa m'foni ya aliyense, kafe inatsekedwa. Ndinatenga mkazi wanga Esnart ndi mwana wathu Dalitso n'kupita kukakhala kwawo kwa mkaziyo ku Nyimba. Mwachidule, ndinakhala mkamwini. Tsono mkamwini amayesedwa ndi khasu, ndipo khasu ndi ine sitinamvanepo. Tsiku loyamba kumunda ndinalima mzere wokhota moti alamu anga anaitanizana kudzauona (mmodzi anaujambula ndi foni, ndipo chithunzicho akadali nacho).

Apongozi anga, amai Mumba, ndi mayi wamasiye, wolimbikira ntchito, wa m'gulu la amayi kutchalitchi, wosaseka zopanda pake. Chiyambire pamene boma linasiya kugula mbewu zonse n'kuuza alimi kuti aliyense adzipezere msika, iwo akhala akugulitsa nsawa, zimene ena amati mtedza, pa kathebulo m'mphepete mwa msewu waukulu: zaziwisi, zokazinga ndi chiponde cha m'mabotolo. Vuto n'lakuti apaulendo ku Nyimba amaimira nthochi. Basi ikaima anthu amathamangira nthochi, apongozi anga n'kutsala akuingitsa ntchentche.

Muyenera kudziwanso kuti kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sacheza ngati anthu wamba. Tikakumana panjira ndimapatuka, kunyonyomala n'kuwomba m'manja. Mawu anga onse opita kwa iwo ankadzera mwa Esnart, ndipo yankho linkabwerera njira yomweyo. Choncho nditaganiza zowatsegulira bulogu, kutanthauza tsamba la pa intaneti lolembapo nkhani za malonda awo kuti apaulendo azitipeza akamasaka pa foni, ndinatuma Esnart. Anabwerako akudziletsa kuseka.

"Ati ngati sivifuna khasu, yesani."

Ndinameza chipongwecho n'kuyamba ntchito. Ndinapempha chithunzi chawo choti chizikhala pamwamba pa tsamba, ndipo chimene chinapezeka chooneka bwino chinali chimodzi chokha: ali mu yunifomu ya amayi a kutchalitchi, bulauzi yoyera, duku loyera, Baibulo m'manja. Ndinachiika pamodzi ndi dzina lawo komanso malangizo a mmene munthu angapezere thebulo lathu, ndipo chinkaoneka pamwamba pa nkhani iliyonse imene ndinkalemba.

Nkhani zoyamba zinali zaulemu kwambiri. Ndinalemba za mbiri ya nsawa m'dera la Msanzala, za kasungidwe kake, za mmene mungasinjire chiponde chosalala. Owerenga analipo atatu: ine, inenso pa foni ya Esnart, ndi munthu wina wa kudziko lakutali amene mwachionekere anasochera. Ndikasaka mawu akuti nsawa za ku Nyimba, tsamba lathu linkapezeka kutali kumapeto, kumene munthu amafika chala chitatopa.

Kenako ndinawerenga malangizo a akatswiri. Ankati usamalembe zimene iwe ukufuna kunena, uzilemba zimene anthu akufunsa. Ankatinso kuti udziwe zimene akufunsazo, uyambe kulemba mawu m'kabokosi kosakira, makinawo akumalizitsira okha ndi mafunso amene anthu ambiri amalemba. Ndinalemba mawu akuti nsawa zaziwisi, ndipo makina anamalizitsa ndi funso limene mwamuna aliyense wa kuno analimvapo pa nsolo: ngati n'zoona kuti nsawa zaziwisi zimawonjezera mphamvu za abambo m'banja.

Munthu wanzeru akanatseka foni. Ine ndinaona mwayi. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kulemba nkhani yabwino kuposa zonse zimene ndinalembapo, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi. Funsolo ndinaliika pamutu penipeni, n'kulibwereza m'ndime yoyamba monga akatswiri ananenera, n'kuwazamo dzina la Nyimba apa ndi apo. Udokotala ndilibe (ndinangosonkhanitsa zimene amuna amauzana akamaseweretsa nsolo, n'kuziveka jekete). Ndinamaliza ndi mawu akuti amene akufuna zenizeni aime kwa amai Mumba. Zoti pamwamba pa zonsezi pali apongozi anga atagwira Baibulo sizinandidutse m'mutu ngakhale pang'ono.

Patapita milungu ingapo ndinasaka funso lija. Tinali pa tsamba loyamba la mayankho, pamwamba penipeni. Ndinavina ndekha kuseri kwa nkhokwe. Esnart ndinangomuuza kuti akauze amai kuti tsopano ali pamwamba, osatchula kuti pamwamba pa chiyani.

Woyamba kufika anali dalaivala wa lole yopita ku Chipata, bambo wamkulu thupi. Ine ndinali chapatali pang'ono, ndikuswa nsawa m'lichero. Anayang'ana foni, n'kuyang'ana apongozi anga, n'kuyang'ananso foni. Kenako anavula chipewa n'kuwerama.

"Amai, ndimwe a pa foni?" ananong'ona. "Nifunako zija. Zaziwisi."

"Zokazinga ziliko zabwino, za lelo lomwe," anatero apongozi.

"Iyayi amai, zija za nchito."

"Nchito yabwanji, mwana wanga?"

Bamboyo anatembenukira kwa ine ngati wopempha thandizo. Ine ndinayang'ana m'lichero ngati ndataya singano. Anagula chidebe chathunthu n'kuthawira mu lole yake.

Kuyambira pamenepo malole anayamba kuima. Kunkabweranso amagalimoto ang'onoang'ono, ena ovala mataye, onse ovula zipewa, onse onong'ona. Apongozi anauza Esnart kuti, "Manje anthu a malole aphunzila ulemu." Wina anawafunsa kuti azidya zingati patsiku ndiponso nthawi yanji. Iwo anayankha mokweza kuti, "Idyani mmene mungakwanitsile, na bana muzibapatsako, na azibusa akabwela kunyumba." Bamboyo anachoka pakamwa pali yasa. Winanso anabwerera patatha mwezi atanyamula chitenje chatsopano, akuti mkazi wake watumiza moni ndi kuthokoza. Apongozi anachilandira ndi manja awiri n'kumudalitsa, n'kumuuza kuti apitirize kusamala banja. Ine kuseri kwa lichero thukuta linali kamukamu.

Mwina mukufunsa chifukwa chake sindinaifufute nkhaniyo. Ndinena zoona: ndinkasangalala. Nsawa zaziwisi zinkatha dzuwa lisanapendeke. Alamu anga anasiya kuonetsana chithunzi cha mzere uja. Tsiku lina kutaphedwa nkhuku, m'mbale mwanga munapezeka ntchafu, ine amene ndinazolowera khosi ndi mapazi. Kwa nthawi yoyamba chifikireni pamudzipo ndinkamva kuti ndine munthu. Komanso ndikanafuna kuulula, ndikanadzera pati? Mawu otero alibe njira yochokera kwa mkamwini kupita kwa apongozi. Ngakhale Esnart sakanawanyamula, poti mwana wamkazi sakamba zimenezo ndi mayi ake omubala.

Esnart anaipeza yekha nkhaniyo. Anaiwerenga ataimirira, kenako anakhala pansi, n'kuseka mpaka misozi. Kuseka kutatha, nkhope inasintha.

"Imwe, muziwa kuti amai akaziwa muzagona pa siteshoni? Chotsani lelo lomwe."

"Nizachotsa mailo," ndinatero. Mawa lake kunaima malole anayi, ndipo sindinachotse.

Zinaululika Lachinayi, pa msonkhano wa amayi kutchalitchi. Mkazi wa mkulu wa mpingo wina anaipeza nkhaniyo m'foni ya mwamuna wake (chimene mkulu wa mpingoyo ankasaka, ine sindinafunse). Anafika nayo pamsonkhano n'kuiwerenga mokweza, ndime ndi ndime, foni ikuyenda m'manja mwa amayi onse kuti aone chithunzi. Apongozi anga anabwera kunyumba akuyenda mwandawala, akadali mu yunifomu. Ndinanyonyomala n'kuwomba m'manja monga mwa nthawi zonse. Anandidutsa ngati chitsa, n'kulowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Masiku awiri thebulo silinatuluke. Malole ankaima, kuliza hutala, n'kumapita. Apa kuseka kunandithera. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo, ndiponso mantha, chifukwa mkamwini akalakwa kwambiri amangopeza katundu wake ali panja. Ndinalibe ntchito, ndinalibe kwina kopita ndi banja langa, ndipo mayi amene ankatidyetsa ndinali nditamusandutsa choseketsa cha mpingo wonse.

Loweruka m'mawa kunabwera aSakala, amalume ake a Esnart, amenenso ndi ankhoswe a ukwati wathu. Tinakhala pansi pa mango uja. Apongozi anakhala pamphasa atandipatsa msana, Esnart pambali pawo, ine pa kampando kafupi ngati mwana wasukulu.

"Tiyambe mwamene iyambila milandu," anatero aSakala. "Tibelengeleni vamene munalemba."

Ndinapempha ndi maso kuti andikhululukire, koma sizinathandize. Ndinawerenga mutu wokha, mawu akutuluka ngati a mwanapiye. Nditafika pa ndime yoyamba ndinaima.

"Pitilizani," anatero aSakala, ndipo ndinaona kuti asendeza mpando wawo kufupi. "Nanga ivi n'vazoona?"

Apongozi anatsokomola kamodzi. ASakala anabweza mpando.

Kenako apongozi anayankhula, akuyang'ana kumunda, mawu akupita kwa mlongo wawoyo koma mwini wake ndili ine. Ankanditchula kuti awisi Dalitso, ndiko kuti bambo ake a Dalitso. "Muwauze awisi Dalitso kuti yunifomu ija si ya malonda. Navala ija poika malilo a anzanga. Navala poona odwala kuchipatala. Navala poika amuna anga. Lelo azimai anzanga akaniona nayo aziseka atagwila kukamwa."

Sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Ndinatsika pa kampando n'kugwada. Ndinapepesa kudzera mwa aSakala, n'kunena kuti ndinalakwa chifukwa chofuna kuoneka munthu, ndipo ndinalonjeza kuti ndifufuta bulogu yonse nthawi yomweyo, iwo akuona. Ndinatulutsa foni.

Kumsewu lole ina inaliza hutala kawiri.

"Muwafunse," anatero apongozi, "akafufuta, anthu aja azapeza bwanji pano?"

ASakala anandifunsa, ngakhale ndinali nditamva ndekha. Ndinayankha kuti sadzapapeza, tidzabwerera kumapeto kuja.

"Nshawa zilibe mlandu," anatero apongozi. "Chithunzi changa chichoke, na zina langa lichoke. Aikepo chao, pakuti ni iwo aziwa vinthu ivi. Ine nizagulitsa zokazinga na chiponde. Akabwela onong'ona, azigulitsa ni iwo."

Mlandu unathera pomwepo. ASakala ananyamuka ndi kathumba ka nsawa zaziwisi, akuti n'ka ana kunyumba.

Ndiye lero mukasaka funso lija, nkhope imene mupeze pamwamba ndi yanga, nditavala taye imene ndinkavala ku kafe. Ndili ndi kathebulo kanga, mapazi khumi kuchokera pa ka apongozi, ndipo madalaivala kuyambira ku Luangwa mpaka ku Chipata amandidziwa. Ndikapita ku boma la Petauke amuna osawadziwa amandikwezera chala chachikulu. Ena amandikokera pambali n'kundiuza mavuto a m'nyumba mwawo amene sindinapemphe kumva, ine n'kumangogwedeza mutu ngati sing'anga. Wina anandifunsa kuti ndili ndi ana angati. Nditati mmodzi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kubweza theka la nsawa zimene anali atasankha.

Koma sindidandaula. Tikudya, tikugona m'nyumba, ndipo apongozi anabwerera ku msonkhano wa Lachinayi mutu uli m'mwamba (ndikumva kuti amayi angapo a gululo amatuma anthu kudzagula kwa ine, koma zimenezo ndi zawo). Ndinaphunzira kuti nkhani imene sungathe kuiwerenga mokweza pamaso pa ankhoswe usaiike pa intaneti, ndipo ndimauza aliyense wofuna kuyamba bulogu mawu amenewa ndi nkhope yoopsa.

Chaka chino apongozi apachika ming'oma ya njuchi kuseri kwa munda, ndipo atumiza uthenga kudzera mwa Esnart kuti ndilembeko za uchi, zaulemu. Dzulo ndinalemba mawu akuti uchi m'kabokosi kaja kuti ndione zimene anthu amafunsa. Ndinaziona, ndinatseka foni msangamsanga n'kuiika m'thumba. Sindinalembe kalikonse. Koma mutu wa nkhaniyo ndaupeza kale, ndipo ndi wabwino zedi.