Khadi la Achimwene

Dzino lija linazulidwa, koma manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo.

Chipatala china cha kwathu ku Mitundu chinali chitayamba kupereka makhadi okhala ndi kachitsulo, osunga mbiri yonse ya wodwala. Ine ndinalibe, chonsecho dzino linkandiwawa. Mzere wolembetsa unkatalika ngati wa feteleza, ndipo ulesi ndi matenda anga akalekale. Popeza timabuku takuchipatala tinkangobwerekana ngati khasu, ndinasolola khadi la achimwene anga m'jekete lawo, iwo ali kuchigafa akusoka fodya. (Ndinkati ndabwereka, ngakhale mwini wake sanadziwe.)

Namwino analowetsa khadilo m'kamakina, nayang'ana kompyuta, nayang'ananso ine. Anandikweza pasikelo, n'kudabwa kuti ndanenepa chonchi bwanji. Ine ndinamwetulira, n'kuyamikira mtedza wa chaka chimenecho. Sanaseke. Anatseka chitseko n'kuitana adokotala.

"Bambo, mankhwala otalikitsa moyo munasiyiranji? Miyezi inayi simunabwere."

Dzina ndinali nditalivomera kale, ndiye ndinanama kuti ndinali kumaliro ku Nathenje. Anandifunsa ngati maliro ake anali a miyezi inayi. Kenako anayamba kundilangiza modekha kuti ndiganizire ana anga atatu (ine ndili ndi mmodzi). Apo m'pamene mantha anandigwira. Achimwene ankaonda tikuwaona, tonse n'kumati ndi ntchito ya fodya.

Ndinaulula. Adokotala anandikalipira kuti ndalowa m'chinsinsi cha munthu popanda odi, komanso kuti akanalemba sikelo yanga pakhadipo, mwini wake akanaoneka wabwinobwino pomwe akutha. Ananditumiza kumapeto kwa mzere uja, tsaya lili tupu.

Achimwene ndinawapeza kuchigafa komweko. Ndinawapatsa khadi ndi manja awiri. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Wauza ndani?"

"Palibe, achimwene. Koma kuchipatala akukudikirani."

Anati anasiya chifukwa pabenchi yolandirira mankhwala anaonana ndi munthu wa kumpingo kwathu. Ndikanawalangiza, koma wakuba salangiza.

M'mawa mwake ndinawakweza panjinga. Anali opepuka moti ndinacheuka kawiri kuti ndione ngati akadali pakaliyala, ndipo misozi inanditsika osati chifukwa cha dzino.

Kubwereka sindinasiye. Khasu, pampu, ngakhale jekete lomwe lija, ndimangotenga. Koma khadi ndili ndi langa. Za tsikulo achimwene sanandidzudzulepo, sanandithokozeponso. Amangoti tsiku lawo lolandira mankhwala likakwana, amagogoda kwathu n'kufunsa ngati njinga ili ndi mpweya.