Mkulu Amene Ankanamiza Chisanu

Kwathu kuno ku Imizar, mudzi wa m'mapiri, mukangotchula dzina la Da Mbarek anthu amayamba kunjenjemera mwadala, kenako n'kuseka. Mkulu ameneyu ankakana kuvala chilichonse chofunda mpaka mbewu yomaliza italowa m'nthaka. Kaya mphepo itsike m'phiri mokwiya bwanji, kaya madzi aume gwa m'chidebe, iwo ankangoyenda ndi kamkanjo koyera kopyapyala ka m'chilimwe, nkhwaira kuphazi, mano ali gugugu. Jelaba yawo, mkanjo wautali waubweya, yolemera ngati nkhosa yamoyo, inkakhala phee m'bokosi.

Ankati chisanu ndi mlendo wamanyazi. Chimafika pamwamba pa phiri n'kusuzumira m'mudzi. Chikaona anthu onse atavala ubweya, chimadziwa kuti achikonzekera, ndiye chimatsika. Koma chikaona ngakhale munthu mmodzi akuyenda ndi zovala za nthawi yotentha, chimakayika, chimaganiza kuti chafulumira, ndiye chimakhala kaye pamwala n'kumadikira. Munthu mmodziyo anali iwo, ndipo ntchitoyi sanaipatsidwe ndi aliyense.

Musaone ngati zinali zongoseketsa. Munda wawo ndi umene uli pamwamba pa minda yonse, kumbali imene dzuwa limafika mochedwa. Chipale chofewa chimayambira pamenepo, ndipo chikangoyala, basi, pulawo siilowanso chaka chimenecho. Mvula yoyamba ikagwa mumakhala ndi sabata imodzi, mwamwayi masiku khumi. Balere wa m'munda umenewo ndiye anali buledi wa chaka chonse wa iwo ndi akazi awo, Lala Ito. Tsono pulawo imafuna nyama ziwiri, pomwe pakhomopo panali bulu mmodzi, nayenso nkhalamba.

Amene anamva kuwawa kwa khalidweli ndi Lala Ito, zaka makumi anayi ndi zisanu zathunthu. Mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene akakwiya ankangokanda ufa wa buledi mwamphamvu mpaka mbale kulira. Chaka chilichonse masamba a mitengo akayamba kuyoyoka, mtima wawo unkagawanika. Ankafuna munda ufesedwe, ankafunanso mwamuna wamoyo, ndipo mwamunayo ankaoneka kuti wasankha kale.

Anayesa zonse. Anathira tsabola ndi jinja mu supu mpaka mkuluyo kulira misozi. Chaka china anasokerera kachikopa ka mwanawankhosa mkati mwa mkanjo uja, kumsana, mwaluso moti Da Mbarek anavala osadziwa. M'mawa wonse anayenda m'mudzi monyada, akuuza aliyense kuti lero ndiye kwatenthadi, ndipo ulendo umenewu sankanama. Koma thukuta litayamba kutsika, anakayika. Anazemba kuseri kwa khola, n'kuvula, n'kupeza chinyengocho. Anafika kunyumba chikopa chili m'manja, ndipo nthawi yomweyo, mwatsoka, mtambo wakuda unatulukira pamwamba pa phiri.

"Waona, Ito? Wachiitana."

"Ndachiitana ine? Chimandidziwa dzina?"

"Chaona msana wanga."

"Msana wanu chinautopa kalekale, bambo."

Chikopacho Da Mbarek anakamangirira bulu. Anati bulu alibe vuto, chisanu sichiwerengera abulu.

Kumzikiti nakonso anali mavuto. Mukudziwa mmene timaimira popemphera, phewa kukhudzana ndi phewa. Da Mbarek akaima pakati, kunjenjemera kwawo kunkayenda mzere wonse mpaka kukafika kwa munthu wa kukhomo. Tsiku lina shehe anafupikitsa ulaliki chifukwa ankaona mzere wachiwiri ukugwedezeka wonse. Mapemphero atatha anawaitanira pambali n'kuwauza mwaulemu kuti pa zonse zimene anaphunzira sanapezepo zoti chisanu chili ndi maso. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, ngakhale zinali zovuta kudziwa ngati akuvomera kapena ndi kuzizidwa. Kenako anafunsa ngati shehe analimapo. Shehe anati ayi. "Ndiye inu pitirizani kutipempherera," anatero, "za kumtunda uko mundisiyire."

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lahsen, amene amayendetsa basi ku Casablanca, anaganiza kuti wapeza nzeru. Anabwera ndi jekete yonenepa ya m'sitolo, ija imalira ukamayenda. Anafotokoza kuti mulibemo ubweya ngakhale pang'ono, ndi pulasitiki yokhayokha, ndiye chisanu cha kumudzi sichingaizindikire.

"Yachokera kuti?" anafunsa bambowo.

"Ku Ulaya, baba."

"Ndiye kwawo kwa chisanu kumeneko. Chiizindikira chili kutali."

Jekete ija inathera pamtengo, kuopseza mbalame m'dimba la anyezi, ndipo inagwira ntchito bwino zaka zinayi.

Tsono mufunsa kuti munda unkalimidwa bwanji ndi bulu mmodzi. Apa ndi pamene ena a ife tinkakwiya. Da Mbarek sanapemphepo munthu aliyense nyulu, ngakhale tsiku limodzi. Mvula yoyamba ikagwa, m'mawa mwake ankangopita kukapereka moni. Ankayambira kwa Basu, mnansi wawo wa nyulu ziwiri zonenepa. Ankaima m'mphepete mwa munda, milomo itada bii, mkanjo ukuuluka, n'kufunsa za ana, za nkhosa, za bondo la apongozi. Akawapatsa tiyi ankadikira kuti azizire, ati kunja kwatentha kale. Akachoka apo ankapita pakhomo lina.

Amuna ankayesa kuyang'ana kumbali, koma akazi ndiwo sankapirira. Mkazi wa Basu ankamuuza mwamuna wake poyera kuti ngati mkuluyo afere pakhomo pawo, maliro ake aphike yekha. Pofika tsiku lachiwiri munkaona nyulu zikukwera njira ya kumtunda, eni ake akutukwana chamumtima. Munda wa Da Mbarek unkakhala woyamba kufesedwa m'mudzi monse, chifukwa panalibe njira ina yowavekera.

Chaka china Basu anati zakwana. Anamemeza amuna onse kuti aliyense ayambe kwake, tione ngati nkhalambayo siivala. Tsiku loyamba linadutsa, lachiwirinso. Lachitatu m'mawa, anthu atakweza maso, anaona zoyerayera zikuyenda pamunda wa kumtunda. Da Mbarek anali atamanga bulu mbali imodzi ya goli, mbali inayo atalowamo okha, Lala Ito atagwira pulawo kumbuyo nkhope ili gwa. Munda umenewo umaonekera pakhomo lililonse la m'mudzi muno. Mzere umene analima unali wokhota moti ukanaseketsa ndi mbuzi zomwe, ndipo bulu ankangoima n'kumayang'ana mnzakeyo.

Basu anafika ali wefuwefu, nyulu zili pambuyo.

"Da Mbarek, mukufuna anthu a m'midzi ina atinene kuti chiyani?"

"Wadzuka bwanji, Basu? Ana ali bwanji?"

"Tulukani m'golimo!"

"Iwe wabwera ndi nyulu? Ayi, usavutike, ife tikungowongola miyendo."

Lala Ito anasiya pulawo. Anatenga khangaza, chipatso chodzaza njere, limene anabwera nalo, n'kuliphwanya pa chitsulo cha pulawo monga timachitira pa mzere woyamba, kuti ngala zidzadzaze ngati njere zakezo. Kenako anayala buledi ndi mafuta a maolivi pamwala, anthu n'kudya ali chiimire. Basu anadya kwambiri kuposa onse, akung'ung'udzabe.

Chodabwitsa chinkachitika dzanja lomaliza la mbewu likangomwazidwa. Da Mbarek ankatsika phiri mothamanga ngati mnyamata, n'kutsegula bokosi. Ankavala jelaba, pamwamba pake ina, masokosi awiriawiri, nduwira mpaka m'maso. Ankatulukira pakhomo n'kukuwa kuti kwazizira, ngati akulengeza nkhani imene palibe anaimva. Kuyambira pamenepo sankachoka pa mbaula mpaka mitengo ya amondi itachita maluwa. Munthu akatsegula chitseko pang'ono ankalira ngati wamubaya. M'mudzi monse munalibe munthu woopa kuzizira ngati iwo, ndipo zimenezi Lala Ito ankazidziwa kuposa aliyense, chifukwa ndiwo ankawapaka mafuta ofunda m'mapazi ong'ambika masiku onse ofesa.

Tsiku lina akuwapaka choncho anafunsa funso limene linawakhala pakhosi zaka zambiri. Anafuna kudziwa ngati mkuluyo amakhulupiriradi zoti chisanu chimaona, kapena ndi njira chabe yopezera nyulu za eni.

"Chimaona," anayankha Da Mbarek. "Komanso munthu ukapempha chaka chino, chaka chamawa akakuona amalowa m'khola. Ine sandithawa, Ito. Amanditukwana, koma sandithawa."

Tonse tinkati chibayo ndicho chidzawatenge. Basu ankachita kunena tsiku. Koma Da Mbarek anamwalira mu Julaye, mwezi wotentha kwambiri kwathu kuno, dzuwa likuswa mtengo, atakhala pamthunzi pafupi ndi popunthira balere, atangomaliza kudya chivwende. Pamaliro anthu ankapukuta thukuta ndi misozi nthawi imodzi, ndipo wina atanong'ona kuti mkuluyu wachinamiza chisanu mpaka mapeto, ngakhale shehe anabisa nkhope.

Mvula yoyamba chaka chimenecho inagwa bwino, yofatsa, ya masiku awiri. M'mawa mwake mudzi wonse unatuluka utavala ubweya. Kunena zoona tinapumula. Panalibe wotiimira m'mphepete mwa munda, panalibe wotifunsa za bondo la apongozi. Aliyense anamanga nyulu zake n'kuyamba kwake, monga anthu a nzeru amachitira kulikonse.

Lala Ito anadikira masiku atatu. Lachinayi anafunda shawelo yawo n'kupita kwa Basu, n'kuchita chimene amuna awo sanachitepo: kupempha nyulu. Basu anawalandira bwino kwambiri. Anawakhazika pafupi ndi mbaula, anawapatsa tiyi ndi mtedza, anakumbutsana za goli lija mpaka kuseka. Anati asadandaule, akangomaliza kwake akwera kukawalimira. Ena awiri amene Lala Ito anawafikira ananenanso chimodzimodzi, ndipo palibe ankanama. Aliyense ankafunadi kukwera akamaliza. Kungoti mayi wofunda bwino, wolankhula mwaulemu, sawawitsa munthu mtima. Ineyo ndinali mmodzi wa awiriwo, ndipo zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Chipale chinagwa tsiku lachisanu ndi chinayi, masana. Lala Ito anali pakhomo akupeta mphodza pamene anaona munda wa kumtunda ukuyera pang'onopang'ono, kuyambira ku mpanda wa miyala kutsika. Anamaliza kupeta, n'kulowetsa bulu m'khola. Madzulo ake Lahsen anaimba foni. Atamva kuti munda sunafesedwe, anati palibenso chokhalira kumudzi, msewu ukangotseguka abwera kudzawatenga, chipinda chilipo. Mayi ake sanatsutse.

Mudzi uno masiku ano ndi wofunda, anthu ake ndi a nzeru, ndipo mizere ya kumzikiti imaima mowongoka. Chisanu chimafika tsiku limene chafuna, popanda wochilengeza. Anthu amazindikira okha kuti chafika, aliyense m'nyumba mwake. Za Da Mbarek timakambabe, makamaka kuchigayo kwa Hamu, kumene amuna amakonda kukhala chifukwa injini imatenthetsa chipinda. Hamu ndiye katswiri wowatsanzira. Amakweza mapewa, n'kugunditsa mano, n'kufunsa za ana.

Anali pakati pa sewero lomwelo, patatha sabata chigwereni chipale, pamene Lala Ito anafika ndi bulu atasenza matumba awiri. Kuseka kunazima. Basu anadzuka kukathandiza kutsitsa, osawayang'ana kumaso. Hamu anamasula thumba loyamba n'kulowetsa dzanja monga amachitira nthawi zonse, koma dzanjalo silinatuluke msanga. Anali balere wosankhidwa ngala imodziimodzi, wonenepa, wopanda kamwala kapena kaudzu, amene mkulu uja anapatula yekha masiku omaliza a moyo wake.

"Lala Ito, iyi ndi mbewu."

"Ndikudziwa, mwanangu."

"Mukhoza kuisunga. Chaka chamawa ife tonse..."

"Chaka chamawa ndidzakhala ku Casablanca, m'nyumba yosanja, pa nsanjika yachinayi kuchokera pansi. Gaya, usalalitse bwino. Mdzukulu wanga sakonda ufa wokhakhala."

Hamu anayang'ana Basu, Basu anayang'ana nsapato zake. Lala Ito anakhala pa benchi, anakonza shawelo, n'kudikira, ndipo patapita kanthawi Hamu ananyamula thumbalo n'kukhuthulira m'chigayo.