Mmene ndinafufutira mbiri ya mpingo wa apongozi anga

Anzanga, nkhani iyi ndimayikamba ndikuseka, koma kunena zoona manyazi ake sanandichokebe. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Nsaru, ndipo ndimakhala chikamwini kwawo kwa akazi anga, mayi a Chisomo. Moyo wa mkamwini mukuudziwa, umangofunafuna poonekera kuti nawenso ndiwe munthu pamudzi. Ndiye nditachita kakosi ka kompyuta ka masabata awiri ku tauni, ndinkayenda ngati makompyutawo ndinapanga ndine.

Apongozi anga aamuna ndi mlembi wa mpingo wathu. Mwana wawo wa ku Joni anawatumizira laputopu yakale, ndipo kwa miyezi itatu ankagogoda ndi chala chimodzi, kulemba mbiri ya mpingo yoti akawerenge pa chikondwerero cha zaka makumi asanu. Ankapalasa njinga mpaka ku Kabudula kukafunsa nkhalamba zomwe zinaumba njerwa za tchalitchi choyamba, akabwera n'kukopera zonse m'laputopu, timapepala tawo n'kupereka kukhitchini koyatsira moto. Kutatsala sabata imodzi laputopu ija inayamba ulesi. Ukayatsa, uyambe wapita kudimba, pobwera upeza ikuganizabe.

Anandituma ndani? Palibe. Ndinadzipereka ndekha, ndikuti imeneyo ndi ntchito yaing'ono, tichotsa zonse zakalezo tiikemo Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, yomwe mavayirasi sayizolowera. Apongozi anangofunsa funso limodzi, ngati zolemba zawo zikhale bwinobwino. Ndinaseka pang'ono, kaseko kaja ka munthu wodziwa zinthu, ndinakopera mbiri yonse pa fulashi yanga, kachipangizo kaja kosungira zolemba za pakompyuta, iwo akuona, n'kuyiika m'thumba la malaya.

M'mawa mwake ndinapita ku Namitete kwa mnzanga Yohane, wokonza mafoni, kuti andiikire Linux ija pa fulashi. Fulashi yake iti? Yomweyo, ndinali nayo imodzi. Yohane anali otanganidwa ndi makasitomala, anangondisiyira kompyuta yake. Panatuluka uthenga wa Chingerezi, wautali, wofunsa ngati ndikutsimikiza. Ine mphunzitsi wathunthu ndikafunse wokonza mafoni kuti apa akuti chiyani? Ndinadina povomera osawerenga. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, koma ine tsikulo phula linkandikomera.

Loweruka masana tinakhala pakhonde, apongozi pampando, ine pa mpasa chapatali ndithu monga mwa ulemu, laputopu pa miyendo. Akuluampingo awiri omwe anabwera kudzakambirana za chikondwerero anakokera mipando pafupi kuti aone nzeru za aphunzitsi. Ndinalowetsa fulashi ija m'laputopu, ndipo poyamba zinkayenda. Chinenero, ndasankha. Dziko, ndasankha. Itafunsa ngati igwiritse ntchito malo onse a m'kompyuta n'kufufuta zomwe zinalimo, ndinavomera mtima uli m'malo, si mbiri ndinali nditasunga?

Kenako panabwera mndandanda wa mapulogalamu woti usankhe ofuna kulowetsa, ena atachongedwa kale. Mayina ake, abale, ngati a mankhwala a ng'ombe, popanda ndi mawu amodzi omwe okuuza kuti ichi chimagwira ntchito yanji. Apa munthu wanzeru akanasiya momwe zinalili. Koma ine ndinakulira m'chigafa, kusankha fodya, ndipo kumeneko tsamba lokayikitsa timaliponya pambali. Ndinawafotokozera akuluakulu aja kuti kompyuta imachita ulesi chifukwa chosenza katundu wosafunika, ndiye ndinayamba kuchotsa. Ichi sindikuchidziwa, chichoke. Ichi dzina lake n'lalitali, chichoke. Mmodzi mwa akuluampingo anagwedeza mutu n'kunena kuti sukulu ndi yabwino, ine mapewa n'kukwera.

Itamaliza inazima n'kuyakanso. Sikirini yonse bii! Panalibe chithunzi, panalibe kamuvi ka mausi, koma timalemba toyera pakona ndi kamzere kakuphethira ngati kakundiseka. Zomwe ndinataya zija, ndinamva pambuyo pake, ndi zomwe zimabweretsa zithunzi ndi mabatani onse omwe munthu amadina. Ndinali nditamanga nyumba yopanda chitseko ndi mawindo.

Inafunsa pasiwedi. Ndikalemba, palibe chooneka. Ndinalembanso mwamphamvu, palibe. Ndinatembenuza laputopu n'kuyigwedeza, ndikuti mwina mabatani alowa fumbi, chikhalirecho pamenepo pasiwedi sionekera dala. Thukuta linali kamukamu, mwezi wa Juni, anthu atavala majuzi.

"Kodi akamwini, yatha ntchito?" anafunsa apongozi.

"Ikupuma kaye, bambo," ndinatero. "Koma zolemba zanu zili pa fulashi, musadandaule."

Ndinabwereka njinga yamoto kuthamangira ku Namitete. Yohane analowetsa fulashi, anayang'ana, anandiyang'ana ine, n'kundiuza kuti uthenga ndinadina dzana uja unkanena kuti zonse za pa fulashi zifufutidwa. Anayesayesa kuzibweza mpaka anatopa. Chomwe chinatuluka ndi chithunzi chimodzi cha ine nditavala suti. Miyezi itatu ya chala cha apongozi, mawu a nkhalamba zina zoti pano sizikumvanso bwino, zonse ndinazikolopa kawiri, pa fulashi ndi m'laputopu, ndi manja angawa.

Kukawauza apongozi kunali kovuta kuposa tsiku lomwe ndinkafunsira mbeta. Ndinagwada, ndinafotokoza zonse. Sanakalipe ayi, ndipo bola akanakalipa. Anangoti "chabwino" n'kulowa m'nyumba. Mayi a Chisomo anagona atandifulatira mpaka kunja kunacha.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, alendo ochokera ku Mpingu ndi ku Kasiya, makwaya, abusa atatu. Ine ndinabisala kumbuyo, kuseri kwa chipilala. Nthawi ya mbiri itakwana apongozi anaimirira chimanjamanja. Anakamba za pamtima zomwe ankakumbukira, mayina ena akuwasokoneza, nkhalamba zikuwakonza kuchokera m'mabenchi. Ndinamva chisoni, chifukwa ndinkadziwa mmene anayilembera bwino. Pomaliza anakonza kukhosi.

"Mbiri yonse ndinalemba, abale anga," anatero. "Koma akamwini anga, amene ndi aphunzitsi, anandisungira pabwino kwambiri, moti ngakhale iwo sakudziwa pomwe ili. Taimirirani aphunzitsi, alendo akuoneni."

Ndinaimirira. Tchalitchi chonse chinafa nacho chiseko, ndipo alendo ena osamvetsa nkhani anaomba m'manja.

Amene mumapanga mapulogalamu amenewa, chonde muzilemba poyera kuti ukachotsa ichi uona mdima, chifukwa odziwadziwa ngati ine tilipo ambiri. Koma mbali yangayi ndinalapa. Pano ngakhale wailesi ya apongozi ithe mabatire, ine ndimati aitane amisiri.