Zikomo Bwana Chifukwa cha Bulangete la Nsato

Kwa Bwana Wamkulu wa kampani yoyang'anira nyumba yathu yosanjikizana ku Hawalli,

Mtendere ukhale pa inu, pa ana anu, ndi pa makina anu oziziritsa mpweya, amene sanapumepo chiwayatsireni.

Ndine Umm Ghaith, mayi wamasiye wa pamwamba penipeni, amene mlonda wanu Abdel-Sabour amanditcha "mayi a njoka aja". Ndikudziwa kuti munthu ngati ine sayenera kukudyerani nthawi, koma kuthokoza kwandidzadza pakhosi, ndiye ndiloleni ndikutulutse.

Mwana wanga Ghaith, popita kukaphunzira kunja, anandisiyira nsato yake yaing'ono m'bokosi lagalasi. Dzina lake ndi Lulwa. Ndinakana, ndinakalipa, ndinamuuza kuti ana a anzanga amasiyira amayi awo maluwa. Iye anangondipsompsona pamphumi n'kunena kuti, "Amayi, mundisungire mpaka Disembala basi. Amangofuna kufunda ndi kachinyezi." Kufunda, ku Kuwait kuno, m'chilimwe? Ndinalonjeza uku ndikuseka. Nthawiyo ndinali ndisanadziwe kukula kwa mtima wanu, Bwana.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha chisanu. Kunjaku kukutentha madigiri makumi asanu, phula likumata ku nsapato, koma m'nyumba mwathu ndi madigiri 17 usana ndi usiku. Ndipo poopa kuti ife osadziwa zinthu tingaononge mphatsoyi, munatsekera kabatani kosinthira kuzizira m'kabokosi kapulasitiki, n'kukhomapo loko, kiyi n'kupita naye ku ofesi. Ndikumvetsa. Tonse tikudziwa kuti kuno ulemu wa nyumba umayezedwa ndi kuzizira kwake, ndipo mlendo akalowa n'kuyetsemula amadziwa kuti mwini wake si munthu wamba. Abdel-Sabour amalandira alendowo atadzikulunga mpango waubweya m'khosi, mwezi wa Ogasiti. Vuto lili ndi Lulwa, amene Mulungu anamulenga wopanda moto wake m'thupi. Amafuna madigiri 31 mbali imodzi ya bokosi, mbali inayo kucheperako pang'ono, kuti azisankha yekha pogona. Ndayesa kumufotokozera za ulemu wa kampani yanu, koma njoka ilibe makutu.

Chachiwiri, makina anuwa amayamwa madzi onse mumpweya. Ndikayanika chopukutira chonyowa pabokosi, pomwe ndikumaliza kumwa khofi chimakhala chauma gwa. Kachipangizo koyezera chinyezi kamayenera kuloza cha pa 60, koma kakakamira pa 20. Nthawi yofundula itakwana, khungu la Lulwa, limene limayenera kuvuka lathunthu ngati sokosi, linangong'ambika zidutswazidutswa. Lina linatsalira m'maso, ndipo mpaka lero amaona mwachimbuuzi. Mbewa anasiya kudya, amangoinunkhiza n'kutembenuka.

Chachitatu, ndikuyamika changu cha anyamata anu. Ndinali ndi kamphasa kamagetsi kofunditsa pansi pa bokosi ndi kamakina kofuka nthunzi. Tsiku lina nthunziyo inaliza belu lochenjeza za moto. Anthu amene anatenga chaka chathunthu osakonza chikepe anafika pakhomo panga ndisanavale n'komwe mpango kumutu. Analanda zonse ziwiri, akuti zotenthetsa n'zoletsedwa m'chilimwe. Nditaimba foni, kalaliki wanu anandilangiza mwaulemu kuti, "Mayi, ngati ikumva kuzizira, bwanji osaiika pakhonde?" Ndinayamba ndayesa poikapo mbale ya madzi. Pofika nthawi ya pemphero la masana chala sichinkalowamo chifukwa cha kutentha. Muwauze akalalikiwo kuti mwana wanga anandiuza kuti ndimusungire nsato, sananene zoti ndimuphikire.

Chachinayi, ndi bulangete lija munanditumizira. Apa ndiye ndasowa mawu. Lolemera, lofewa, lojambulidwa kambuku pakati, pamodzi ndi bokosi la zipatso za kanjedza ndi kakalata kakuti "kwa chiweto chanu chokondedwa". Ndani angakane kuti ndinu mwana wa banja lopatsa? Kungoti bulangete limasunga kutentha kwa amene ali nako kale. Mukafunditsa mwala, m'mawa mupeza mwala wozizira. Ndinamufunditsabe Lulwa poopa kunyoza mphatso ya munthu wamkulu, ndipo anazizidwa mwaulemu pansi pa kambuku wanu. Bulangetelo pano ndikufunda ndine, ndipo landithandiza kwabasi.

Chachisanu n'chimene chandigwiritsa cholembera. Mutamva kuti ndikadali wokhumudwa, munachita monga amachitira anthu olemekezeka: munatumiza lubani wopepesera. Si lubani wa pamsika ayi, ndi uja wa mtengo wa udi amene amafukiza pa ukwati. Abdel-Sabour analowa ndi chofukizira chili tolotolo, nandipatsa kuti ndikupizire utsi m'zovala, ine n'kulandira monga mwa mwambo. Ndiye ndinapita kukhitchini kukamutengera madzi akumwa. Pobwera ndinapeza watsegula chivindikiro cha bokosi, akukupizira utsi pa Lulwa ndi dzanja lake, nkhope itatembenukira kumbali chifukwa cha mantha. Nditakuwa anati, "Mayi, Bwana anena kuti aliyense wa m'nyumba muno alandire ulemu." Sindikumuimba mlandu, anachita zimene anatumidwa. Chondisangalatsa n'chakuti belu la moto lija, limene linalira chifukwa cha nthunzi ya madzi, tsiku limeneli linangoti zii. Ndamva kuti amalizimitsa akamafukiza lubani wanu. Ngakhale belu limadziwa utsi wa bwana.

Chiyambire tsiku limenelo Lulwa akupuma ndi kaphokoso ngati kamluzu, kukamwa kuli yasa, thovu likutuluka m'mphuno. Dokotala wa ziweto wamubaya jakisoni, koma wandiuza mosabisa kuti akapanda kufundidwa ndi kupeza chinyezi, mankhwalawo ndi ongotaya.

Ndiye mudziwe mmene munthu wochita lendi m'nyumba yanu akukhalira. Ine, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, amene ndinkathawa nalimata pakhoma, ndikuyenda ndi nsato pamimba, mkati mwa mkanjo wanga wakuda. Ndikuphika naye, ndikuonera naye nkhani pa wailesi yakanema. Akazi anzanga a m'nyumba ino anasiya kundikumbatira. Masana timakhala kubafa titatseka chitseko, chifukwa thanki ya madzi ili padenga, padzuwa, ndipo mpopi wa madzi ozizira umatulutsa madzi otentha ofuka nthunzi. Ndiko kutentha kokhako m'nyumba muno kumene simunakhomepo loko. Chonde, mzere umenewu musawawerengere amisiri anu.

Lachisanu lililonse Ghaith amaimba foni. Asanafunse za bondo langa amayamba ndi, "Lulwa ali bwanji?" Ndimamuuza kuti wagona. Akati ndimuonetse, ndimati netiweki ikuvuta. Ndikuopa, Bwana. Chinthu ichi sindinachifune, koma chikadzipinda pamimba panga kufuna kufunda, ndimamva chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi. Mwana wanga sanandipemphepo kanthu chimwalirireni bambo ake, koma ichi chokha.

Choncho ndikugwada pamaso panu ndi pempho laling'ono. Sindikufuna bulangete lina, ngakhale la mkango. Lubani musungireni alendo anu. Ndikupempha kiyi wa kabokosi kapulasitiki kaja, ndi kamphasa kanga. Kuzizira kwa m'makonde ndi polandirira alendo sindikukhudza, alendo anu apitirize kuyetsemula.

Koma ngati ulemu wa kampani sungalole zimenezi, ndiye pempho langa ndi lina, ndipo silikutayitsani kanthu. Lulwa akatisiya, mundilole ndidzamugoneke polandirira alendo paja, patebulo la pansi pa chithunzi chanu chachikulu, nditamufunditsa kambuku wanu. Ndafufuza nyumba yonse, palibe malo ozizira kuposa pamenepo. Sadzawola mpaka Disembala. Mwana wanga akadzafika ndi masutikesi ake n'kufunsa kuti wachita izi ndani, ine sindidzatchula dzina la munthu. Adzangokweza maso.

Ine wanu wozizidwa ndi kukoma mtima kwanu,

Umm Ghaith,
Kubafa, pamwamba penipeni, Hawalli