Nkhondo ya Dzungu ndi Belu

Tcherani khutu, inu a mibadwo ya mawa, ndikuuzeni za chaka chija mvula inagwa kuyambira Januwale mpaka Januwale mnzake, pamene mudzi wathu wa Skelby unagawanika pakati ngati bisiketi yoviika m'tiyi.

Gulu lathu la okonda Inisipekita Garside, wofufuza milandu wa m'sewero la pa TV, linali kukwanitsa zaka makumi awiri likukumana Lachinayi lililonse masana m'holo ya tchalitchi. Tinapangana kuti pa tsiku la chikondwerero tidzaonere gawo limodzi lokha, loposa onse. Apo ndi pomwe moto unabukira.

Anayamba kudzambatuka ndi a Desmond Ollerenshaw, Mkango wa Mpando Wakutsogolo, Mwini Rimoti ya TV, amene anayendetsa basi zaka makumi atatu osaimirako munthu wothamanga.

"Abale anga," anabangula, "gawo ndi lija la mtembo m'munda wa maungu. Wotsutsa tikaonane panja!"

Panja kunali mvula, ndiye palibe anatuluka. Koma kukhitchini kunatulukira mayi Glenys Hepworth, Mfumukazi ya Ketulo, Namkungwi wa Makeke, amene akatsokomola agalu a tsidya la mtsinje amati zii.

"Maungu? Mwangokula mutu, a Desmond. Gawo ndi la pansanja ya belu, basi!"

Nkhondo inakula masabata atatu. A Dzungu analanda mbaula, a Belu anamanga linga pafupi ndi khitchini. Mayi Glenys anatseka njira ya makeke kwa adani. A Desmond anagwira rimoti ukapolo, kumapita nayo kwawo m'thumba la jekete. Anthu awiriwa, oyandikana nyumba zaka makumi anayi, amene mayiyo anaphikira bamboyo supu mwezi wathunthu mkazi wawo atamwalira, tsopano akakumana pa positi ofesi ankangopatsa moni galu.

Ine mlembi wa gulu, poona kuti chibale chikutha, ndinalamula kuti aliyense afotokoze gawo lake pamaso pa khamu lonse la anthu khumi ndi mmodzi.

A Desmond anakhosomola. "Tsiku la chionetsero cha mbewu, Harold, katswiri wa maungu, apezeka atafa, nkhope ili pa dzungu lake!"

"Ndiye anamupha ndani?" ndinafunsa.

"Aa, zimenezo n'zazing'ono."

Mayi Glenys anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mvetserani gawo lenileni. Mkazi wa dokotala akwera nsanja, Inisipekita ali pambuyo wefuwefu, mayi uja n'kutembenuka n'kuti: Harold ndinamupha ndine!"

"Harold uti?" ndinafunsanso.

"Kaya. Ine ndikamabwera ndi tiyi amakhala atafa kale."

M'holo monse munanunkha manyazi. Linali gawo limodzi lomwelo. Tinali titalionera kasanu ndi kanayi. Mkango unkaona chiyambi n'kugona kukamwa kuli yasa, Mfumukazi inkafika ndi thireyi nkhani ili pakati. Ife asilikali, amene tinayenera kuzindikira kalekale, tinangoyang'ana nsapato zathu, pakuti ena tinalowa nkhondoyi kutsata kutentha, ena kutsata shuga.

Pangano la mtendere linasainidwa kuseri kwa pepala la nyimbo. Pa tsiku lalikulu a Desmond analowa kukhitchini koyamba chibadwire, nafulula tiyi wooneka ngati madzi otsukira mbale. Mayi Glenys anakhala nawo pampando wakutsogolo atanyamula singano yolukira juzi, ndipo mutu wa Mkango ukangoti uwerame, singano inkawapeza m'nthiti.

Motero, atalasidwa kasanu ndi kawiri, a Desmond anafika pansanja ya belu ali maso.

"Mkazi wa dokotala!" anafuula, misozi ili lengelenge. "Zaka zonsezi ine ndimamuyesa munthu wabwino!"

"Pepani, achimwene," anatero mayi Glenys akuwasisita paphewa. "Ngakhale ine Harold ndamumvera chisoni lero. Dzungu lija linali lokongoladi."

Tonse tinaimirira, makapu m'mwamba, ndipo tiyi woopsa uja tinamumwa mpaka dontho lomaliza nkhope zili gwaa, pakuti palibe mtendere umabwera popanda nsembe.